Kusonkhanitsa nyimbo za gulu lomwe linabalalika: momwe ntchito ikuyendera

Ntchito yomwe ndaigwira ndi iyi: kusonkhanitsa nyimbo zonse zomwe gulu lina la achinyamata asanu a kuno ku Mangochi linasiya litajambula, kuzikonza kuti zimveke bwino, n'kuzitulutsa pa chimbale chimodzi pamodzi ndi pulogalamu ya pa wailesi yofotokoza momwe anayambira ndi momwe anathera. Gululi silinakhalitse. Linayamba kumveka mu 2018, pofika kumapeto kwa 2020 aliyense anali atalowera kwake. Ine ndinkawagwirira makina a mawu akamayimba, choncho zambiri ndinaziona ndi maso. Dzina la gululo ndi mayina a eni ake sindilemba pano, chifukwa dzinalo nalonso akulikanganirana.

Epulo 2024

Ndinadikira kaye kuti Ramadan ithe, pakuti atatu mwa asanuwa ndi Asilamu, ndipo kumuyambitsa nkhani za bandi munthu akusala kudya n'kusowa ulemu. Eid itangodutsa ndayamba.

M'manja ndili ndi memori khadi imodzi yokhala ndi nyimbo zinayi. Ndikakumbukira zomwe ndinkawamva akuyimba, zonse ziyenera kukwana 11. Zina anajambulira mu situdiyo ku Blantyre, zina pa foni basi.

Ndinapita pa loji pomwe ankayimba Loweruka lililonse, poganiza kuti mwina pa kompyuta yawo panatsala kanthu. Nyanja yakwera kwambiri chaka chino, moti malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay madzi alowa mpaka m'zipinda. Ogwira ntchito omwe ankawadziwa anyamatawa anachoka kalekale. Palibe chomwe ndapezako.

Kwa omwe simunawamvepo, chamba cha nyimbo zawo chinali chosakaniza. Pansi pankagunda ng'oma za manganje ndi babatoni (besi ya waya mmodzi), pamwamba banjo yopangidwa ndi chitini cha mafuta, mtsikana akutsogolera m'Chiyao, anyamata akuvomera m'Chichewa. Kiyibodi inabwera pambuyo, ndipo ndi imene inapangitsa kuti nyimbo zawo zizivinidwa pa ukwati. Maganizo oyambitsa gulu anawatola ku Lake of Stars, phwando la maimbidwe lomwe linayambira ku Chintheche mu 2004 koma kwa zaka zingapo linkachitikira kuno ku Nkopola. Awiri mwa iwo, ali achichepere, anapezako ganyu yonyamula masipika. Kumeneko anaona anthu a ku Lilongwe ndi azungu akuvina banjo ndi ng'oma, zinthu zomwe kwawo zinkaonedwa ngati za nkhalamba. Anabwerera kumudzi nkhaniyo ili m'mutu, ngakhale panapita zaka asanapeze anzawo oyimba nawo.

Meyi

Mwezi uno ndautha ndikuyendera malo owotchera nyimbo, kuyambira pa msika wa pa boma mpaka ku Makawa ndi ku Monkey Bay. Anyamata a m'tizipinda timeneti ndiwo amasunga mbiri ya nyimbo za kuno, ngakhale iwo sadziona choncho. Kompyuta ikapanda kufa, nyimbo imakhalamo zaka ndi zaka.

Ndapeza zina zitatu, zonse pamodzi zakwana zisanu ndi ziwiri. Vuto ndi lakuti palibe fayilo ngakhale imodzi yokhala ndi dzina la gulu. Ina yalembedwa kuti "manganje new", ina yapatsidwa dzina la woyimba wina wotchuka kuti igulike msanga. Ndimachita kumvetsera chiyambi cha fayilo iliyonse m'foda ya nyimbo za Chiyao, mwini malo akundiyang'ana ngati ndikumuchedwetsa makasitomala, zomwe zili zoona.

Chomwe chandithandiza ndi mafayilo omwe anadutsa pa WhatsApp. Foni imawapatsa dzina loyamba ndi AUD, kenako chaka, mwezi ndi tsiku, kenako WA ndi nambala. Tsikulo si la kujambula, ndi lomwe fayilo inafika pa foni ya munthuyo, komabe ukaika pamodzi makope angapo umaona nthawi yomwe nyimbo inayamba kuyenda. Nyimbo yawo yomwe inatchuka kuposa zonse ikuonekera koyamba kumayambiriro kwa 2019, ndipo m'miyezi yochepa inali itafika paliponse. Mnyamata wina wowotcha anandiuza monyadira kuti nthawi imeneyo aliyense wobwera ndi memori khadi ankaifuna. Ndinamufunsa ngati eni nyimbo anaonapo ngakhale tambala. Anaseka, n'kundifunsa ngati ndikufuna andiikirenso zina.

Juni

Mwera wayamba, ndipo ndi nthawi yabwino yopeza msodzi pamtunda. Woyimba babatoni tsopano ndi siginala ku Msaka, ndiye kuti ndi amene amakhala m'bwato la nyali usiku kukopa usipa kuti anzake aponye ukonde wa chilimira. Ndinamupeza akusoka ukonde pansi pa mtengo, nyanja ikuchita thovu.

"Achimwene, mwabwera kudzautsa mapiri pachigwa?" Anatero asanandipatse n'komwe moni.

Titakhala pansi analowa m'nyumba n'kutulutsa babatoni ija. Ndi bokosi la matabwa lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali kuposa munthu wotuluka m'bokosimo, ndi waya mmodzi yekha yemwe anamuchotsa ku buleki ya njinga yamoto. Poyimba amakhalira bokosilo, dzanja lina likumenya waya ndi kamtengo, lina likutsetsereka ndi kabotolo kusintha mawu. Chikopa makoswe anachiboola pakona, waya wachita dzimbiri. Anamenya kamodzi, inangoti phwa, iye n'kuitsamiritsa kukhoma.

Anthu kuno amati gululi linatha chifukwa cha nsanje, ena amati chifukwa cha chibwenzi. Iye akuti ndi ndalama, ndipo anandiwerengera ndi zala. Anali asanu, koma malipiro ankawagawa pasanu ndi pawiri. Magawo awiri owonjezerawo ankapita kwa mjomba wake wa woyimba kiyibodi, mwini masipika ndi jenereta. Ndiye kuti banja limodzi linkatenga magawo atatu, ena onse limodzi limodzi. Kwa iye panalinso china chomwe anzake sankachiwerengera. Usipa umagwidwa bwino usiku wa mdima, mwezi ukawala nyali sizikopa nsomba. Loweruka likagwera pa mdima, kupita kukayimba kunali kutaya usiku wa ndalama panyanja, ndipo mwini ukonde sankachedwa kuika siginala wina.

"Ankatidyera masuku pamutu ife tikumwetulira alendo," anatero.

Ine sindikuona kuti mjomba uja analakwa kwenikweni. Jenereta imamwa mafuta, ndipo sipika ikapsa ankakonzetsa yekha. Koma kagawidwe kameneka sanakhalirepo pansi n'kugwirizana. Kanangoyamba tsiku loyamba lomwe anabwereka zida, n'kukhazikika, aliyense akung'ung'udza payekha.

Wavomera kuti nyimbo zituluke, bola gawo lake lilembedwe papepala.

Julayi

Mwezi wa pa kompyuta. Ndikugwiritsa ntchito Audacity, pulogalamu yaulere, ndi mahedifoni.

Nyimbo zinayi za ku situdiyo zilibe vuto lalikulu kupatula kuti ndi ma MP3 omwe afinyidwa kangapo, moti zisekese zikumveka ngati madzi. Zimenezo sizikonzeka pokhapokha nditapeza mafayilo oyambirira. Zitatu za pa foni ndiye mutu weniweni. Zinajambulidwa pa loji magetsi atazima, ndipo pansi pa nyimbo iliyonse pali kulira kwa jenereta ndi kung'ung'uza kwa magetsi kolowa m'mawaya. Magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kugunda ka 50 pa sekondi, choncho kung'ung'uzako kumakhala pa 50, pa 100, pa 150, kumangokwera choncho. Kukuchotsa n'kosavuta, umangodula timipata timeneto. Koma babatoni nayo imakhala kumunsi komweko. Ndikadula mokwanira kuti phokoso lithe, babatoni imazimirira, nyimbo imatsala yopanda msana. Ndikasiya babatoni, phokoso limatsalanso. Jenereta nayo sinkayenda mofanana, wina akayatsa firiji ya mowa inkatsika pang'ono, ndiye malo odula amasuntha pakati pa nyimbo.

Pakadali pano ndadula pang'ono chabe n'kulola phokoso lina likhale. Nyimbo imodzi ndaigonja nayo: pakati pake mlendo wina woledzera akukuwira pafupi ndi foni kwa nthawi yaitali. Njira yabwino ingakhale kujambulanso babatoni payokha n'kuiika pamwamba, ngati mwini wake angalole.

Woyimba ng'oma ndinakumana naye pa siteji ya kabaza pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Iye alibe mawu ambiri. Akuti chilichonse chomwe anzake agwirizane, iye ali momwemo, ndipo anandipatsa foni yakale yosweka galasi momwe ndapezamo nyimbo ina. Zakwana zisanu ndi zitatu.

Ogasiti

Sukulu zatsekera, zinamwali zayamba, ndipo madzulo manganje akumveka mbali zonse. Ndi m'nyengo imeneyi momwe ndinapita kukaonana ndi amene ankatsogolera nyimbo. Pano ndi mayi wa pabanja, amagulitsa usipa wouma. Sanafune kuti tikambire pamsika. Ananditengera kwa agogo ake cha ku Malindi, nati nkhani ya nyimbo yotchuka ija iyenera kukambidwa iwo alipo.

Apa ndiye ndinamva zomwe sindinkazidziwa bwino nthawi yonse yomwe ndinkawagwirira makina. Nyimbo ija sanaipeke ndi anyamata aja. Mayimbidwe ake ndi mawu a ndime ziwiri zoyamba ndi a ku chinamwali cha atsikana, ndipo mtsikanayu anaiphunzira kwa agogo akewo, omwe ndi anamkungwi. Woyimba banjo anangowonjezera kolasi ya Chichewa ndi kayimbidwe ka banjo koyambirira kaja. Itayamba kumveka m'mabala, amayi akuluakulu a m'mudzimo anadandaula, makamaka chifukwa cha ndime yachiwiri yomwe siyenera kumvedwa ndi aliyense. Amene anadzudzulidwa ndi mtsikanayu, osati anyamata.

Ndinawafunsa agogowo kuti, "Anganga, nanga nyimboyi tinene kuti ndi ya ndani?"

Anayankha m'Chiyao, mdzukulu wawo akumasulira pomwe ndinkaphonya. Anati si ya mdzukulu wawo, si yawonso, iwo anaipeza. Anati ngati tikufuna kuiika pa wailesi tichotse ndime yachiwiri, zinazo alibe nazo kanthu.

Tikubwerera, mayiyu anandiuza chomwe chinamuchotsa m'gulu. Nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 21 Meyi 2019, wandale wina analemba ganyu gululi kuti liziyimba pa misonkhano yake, ndipo anapempha kuti nyimbo yomweyo aisinthe mawu, aikemo dzina lake. Ndalama zinali zambiri kuposa za pa loji. Iye anakana, poti nyimbo yomwe yamuika kale m'mavuto ndi azimayi a kwawo sangakaiyimbirenso chipani. Anyamata atatu anapita osamuuza, n'kutenga mtsikana wina kuti ayimbe m'malo mwake. Iye anazimvera pa galimoto ya zokuzira mawu ikudutsa pamsika.

Anapitiriza kuyimba nawo miyezi ina chifukwa cha ndalama za maukwati, koma akuti kuyambira tsiku limenelo ankangobwera, kuyimba, kulandira zake n'kumapita. Ndikakumbukira, n'zoona: chakumapeto ankafika mochedwa ndipo sankakhala nawo pa chakudya. Ife tinkati ndi matama.

Sepitembala

Woyimba banjo ali ku Joni, monga anyamata ambiri a boma lino. Timalankhulana pa WhatsApp usiku akaweruka, nthawi zambiri ndi mauthenga a mawu chifukwa netiweki imadukaduka.

Iye akuti gululi linaphedwa ndi COVID-19, basi. Mbali ina akunena zoona. Mu Malichi 2020 boma linaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100, kenako ndege zinasiya kubwera, malo ogona alendo anachepetsa antchito, ndipo maukwati anthu ankangochita mwachidule. Gulu lomwe linkadalira loji ndi maukwati linatsala lopanda poyimba. Koma magulu ena anadutsa m'nyengo yomweyo n'kudzabwereranso. Awa mliri unawapeza atasiya kale kudyera mbale imodzi, ndipo unangopatsa aliyense chifukwa chabwino chochokera popanda kukangana. Iye njira zitatseguka anakwera basi, banjo anaisiya kwa mlongo wake.

Za kampeni ija sakufuna kuzikamba. Za umwini ndiye amalankhula mpaka foni kutentha. Akuti nyimbo zonse anapeka ndi iye, dzina la gulu anaganiza ndi iye, ndipo chimbale chikatuluka chilembedwe dzina lake kutsogolo, enawo ngati omuthandiza.

Izi zandichititsa kuwerenga lamulo la Copyright Act la 2016 ndi kufunsa kwa odziwa za bungwe la COSOMA, lomwe lakhala likutolera ndi kugawa ndalama za oyimba kuyambira pomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Lamuloli limasiyanitsa wopeka nyimbo, oyimba pojambula, ndi amene anakonza zojambulazo, aliyense ali ndi ufulu wake. Choncho ngakhale atakhala kuti anapeka yekha, mawu a mayi uja ndi babatoni ija sizisanduka zake. Chinanso, nyimbo zamakolo zomwe zilibe mwini mmodzi lamulo limaziika m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kupanga nazo malonda amayenera kupeza chilolezo. Zomwe ananena agogo a ku Malindi ndi zomwe lamulo likunena sizikusiyana kwenikweni. Gululi silinalembetse nyimbo ngakhale imodzi, ndiye nthawi yonse yomwe inkaseweredwa panalibe njira yoti ndalama iwapeze.

Ndamutumizira zonsezi. Anayankha ndi chala chokweza m'mwamba, kenako anakhala chete sabata yathunthu.

Okutobala

Woyimba kiyibodi ndinamusiyira kumapeto dala, podziwa kuti ndi amene ali ndi mafayilo a ku situdiyo. Akadali pa boma pano, amayimba m'maukwati ndi zida za mjomba wake zomwe zija. Anandilandira bwino kuposa momwe ndinkayembekezera, ndipo anatsegula laputopu pomwepo.

Muli zonse zomwe anajambula ku Blantyre, chida chilichonse pa mzere wakewake, mu WAV, zosafinyidwa. Muli ndi nyimbo ina yomwe sinatulukepo, ya banjo ndi mawu okha, yokamba za mkazi wodikira mwamuna amene anapita ku Joni. Kwa ine ndi yabwino kuposa yotchuka ija, ndipo ilibe kiyibodi n'komwe, zomwe mwini laputopu anaziona yekha n'kuseka. Zonse zakwana zisanu ndi zinayi. Ziwiri zotsalazo zikuoneka kuti sizinajambulidwepo.

Koma sanandipatse. Akuti ndalama ya situdiyo ndi ya basi yopita ku Blantyre analipira ndi mjomba wake, ndipo mpaka lero palibe anabweza. Akufuna ibwezedwe kaye, ndiponso pa mtengo wa lero, poti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamenepa sindinathe kumutsutsa. Ndinangomuuza kuti ntchitoyi ilibe thumba la ndalama, ndikuyendera zanga.

Ndinalemba pepala limodzi losavuta. Nyimbo iliyonse ili ndi mzere wake: wopeka ndani, oyimba ndani, gawo la aliyense ndi lotani. Pansi ndinaikapo kuti ndalama zoyamba kulowa zibweze ngongole ya situdiyo, zikatero magawo akhale asanu, osati asanu ndi awiri. Ndinalizunguliza kwa onse, wa ku Joni ndinamutumizira chithunzi. Pepala ngati limeneli likanatenga theka la ola mu 2018. Pano latenga mwezi, chifukwa mzere uliwonse ukudzutsa mkangano wakale, ndipo onse amadzera mwa ine m'malo moimbirana foni. Wa babatoni ndi wa kiyibodi sanalankhulanebe.

Novembala

Mafuta a galimoto akusowa, mizere pa mafilingi siteshoni ndi yaitali, ndipo mtengo wopitira ku Msaka wakwera moti maulendo ndachepetsa. Zambiri tikuchitira pa foni.

Pomwe tafika ndi apa. Pa nyimbo zisanu ndi zinayi, zisanu ndi imodzi onse asanu asayinira, ndipo wa kiyibodi wandikopera mafayilo omwe ali nawo a nyimbo zimenezi. Wa ku Joni anavomera atamva nyimbo yosatuluka ija, yomwe palibe akutsutsa kuti ndi yake. Ndinamulonjeza kuti ikhala yoyamba pa chimbale. Ziwiri akukanganabe kuti anapeka ndani. Yotchuka ija ndaiika pambali. Kudula ndime yachiwiri n'kotheka, ndayesa kale ndipo podulapo sipakumveka, koma mayi uja akuti ngakhale itadulidwa safuna kumvanso mawu ake pa nyimbo imeneyo, ndipo nkhani ya chilolezo sindinaiyambe. Ndikudziwa kuti anthu ambiri akagula chimbale adzayamba kufunafuna yomweyo. Adzaipeza kwa owotcha, momwe akhala akuipezera.

Pulogalamu ya pa wailesi ndajambula mawu a anthu atatu. Mayi uja walola kuti nkhani ya kampeni ikambidwe bola wandaleyo asatchulidwe. Wa banjo akufuna amve kaye zomwe anzake anena asanatumize zake, ine ndakana, ndiye tili pomwepo.

Ino ndi nyengo yomwe boma limatseka nyanja ku maukonde ena kuti nsomba ziswane, ndipo wa babatoni akuti ali ndi mpata. Wavomera kujambulanso mbali yake pa nyimbo ziwiri za pa foni zomwe zili pakati pa zomwe onse asayinira. Chikopa chatsopano ndalipira kale kwa opha ng'ombe, waya agula yekha. Tijambulira m'kalasi ina Loweruka, mvula isanayambe kugunda malata.

Chotsala chachikulu ndi dzina. Wa banjo akuti ndi lake ndipo akufuna kudzaligwiritsa ntchito akadzabwera, enawo akuti likakhala lake iwo achotsa siginecha zawo. Wojambula chikuto ndamuuza aimike kaye ntchito mpaka Disembala, pomwe wa ku Joni akuti abwera kudzaona makolo. Akabweradi, ndiyesa kuwakhazika onse asanu pamodzi, ndipo wa ng'oma wavomera kuti tikakumanire kwawo.